Wakuba Amayamba ndi Maso ndi Makutu

[Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, kenaka katsike]

Moni kwa inu a pa Fingoè, a ku Malowera, a ku Chiputo ndi a ku Chipera. Moni kwa asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, amene mwina mukumvera uku mukusoka ukonde, ndi kwa abale athu a kutsidya kwa malire, cha ku Petauke, amene mawu ano amakupezani mphepo ikaomba bwino. Amayi, ngati nsima ili pamoto musaileke, pitirizani kuvundula, ine ndingobwereka khutu lokha.

Lero tikambirana za mbava zothyola nyumba, ndi zimene ife eni khomo kuno ku Marávia tingachite kuti pakhomo pathu pasasanduke pamsika pawo. Tiyenda chonchi: ndiyamba ndakusimbirani zimene zinandionekera ine ndemwe, pakuti wophunzitsa anzake kutseka chitseko ayenera kuyamba wavomera kuti chake chinathyoledwapo. Tikatero tizungulira nyumba limodzi, kenaka tikamba za ndalama ndi pakamwa pathu, ndipo kumapeto tifika pa funso lovuta lija, lakuti wakuba tamugwira, nanga titani naye? Koma mawu amodzi awa muwasunge kuyambira pano, chifukwa ndiwabwerezabwereza: wakuba amayamba ndi maso ndi makutu, manja amabwera pambuyo.

Zaka zingapo zapitazo ndinkakhala m'kanyumba ka zidina ka zipinda ziwiri, kofolera ndi malata. Nditalandira kangachepe ndinagula loko wamkulu, uja ena timati kadiyado, wonyezimira, wolemera m'manja ngati mwala wa mphero. Ndinkanyadira. Ndikamatseka m'mawa ndinkachita kumuliza mokweza kuti "kha!", oyandikana nawo amve kuti pano pakhala munthu wochenjera. Ndiye kunagwa maliro a azakhali anga kumudzi kwina, ndipo tonse tinanyamuka, ine, mayi a kunyumba ndi ana. Tinagona kumeneko masiku atatu.

Pobwera, ndili kutali ndithu, ndinamuona loko wanga akunyezimira padzuwa, ali chitsekere. Mtima unakhala pansi. Koma nditafika pakhonde ndinaona kuti chitseko chasiya kampata koti n'kulowetsa dzanja. Loko anali wokhomakhoma, palibe anamukhudza. Chimene chinazuka ndi kachitsulo kokolekapo loko kaja, pamodzi ndi misomali yake inayi, yaifupi ngati chala cha mwana. Felemu la chitseko linali litadyedwa ndi chiswe mkati. Nditaligwira, ufa wa thabwa unangoti waa m'manja mwanga. Wakubayo sanatuluke n'thukuta lomwe.

Anatenga wailesi, batire la sola, thumba la mtedza ndi bulangete latsopano. Zimenezo zinandipweteka, koma chimene chinandisowetsa tulo ndi china. M'nyumba munali mwadongosolo. Matiresi sanawatembenuze, zovala sanazimwaze, mapoto anali m'malo mwake. Munthuyo anangolunjika pansi pa bedi, n'kukoka chitini cha mkaka mmene tinkasungamo ndalama, ngati kuti anachiika yekha. Ndinakhala pa mpando n'kumadzifunsa kuti wamuuza ndani. Mayi a kunyumba ndiwo anandikumbutsa, modekha ndithu, monga amachitira akafuna kuti mawu akulowe. Anati, "Kodi si inu nomwe, bambo ake, tsiku lija munali ndi anzanu pakhonde, munatuma mwana kuti pita ukatenge ndalama ya fodya m'chitini chija cha pansi pa bedi?" Ndinangoti kukamwa pululu. Pakhonde paja tsiku limenelo panali anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo odutsa ndi njira amene anaima kupempha madzi akumwa. Sindikuloza chala aliyense, ndipo mpaka lero wakubayo sindimudziwa. Koma njira ya ku chitini chija ndinailambula ndine.

Mwaona? Munthu uja anali atamva kumene kuli ndalama, anali ataona kuti felemu lafumbwa, anali atadziwa kuti tili kumaliro. Wakuba amayamba ndi maso ndi makutu, manja amabwera pambuyo.

Tsopano tiyeni tizungulire nyumba. Ngati muli pafupi ndi chitseko chanu, chiyang'aneni pamene ndikulankhula.

Musayambe ndi loko, yambani ndi mtengo umene lokoyo wadalira. Tengani msomali kapena nsonga ya mpeni, mubaye felemu cha m'munsi, pafupi ndi dothi, pamene chiswe chimayambira. Mpeni ukalowa ngati mukubaya papaya wakupsa, dziwani kuti mulibe chitseko, muli ndi nsalu yotchinga. Kuno tili ndi mwayi wa mitengo yolimba. Tsanya chiswe chimamuopa, mlombwa nawonso umapirira zaka. Amene alibe, azipaka felemu oilo wakutha wa injini, makamaka kunsi kwake. Chachiwiri, kachitsulo kokolekapo loko kasagwidwe ndi misomali. Pemphani mmisiri aboole thabwa n'kulowetsa mabawuti opyoza mpaka mkati, mutu wosalala ukhale kunja, nati imangidwe mkati mwa nyumba. Mabawuti anayi mtengo wake sufika pa nkhuku imodzi. Chachitatu, onani mahinjesi. Ngati ali kunja, munthu angathe kugogoda kamtengo kachitsulo ka pakati kaja n'kuchotsa chitseko chonse, loko wanu ali lende mbali inayo.

Usiku, mukakhala mkati, palibe choposa mpiringidzo. Makolo athu sanali opusa. Mtengo wolimba wopingasa kuseri kwa chitseko, wolowa m'khoma uku ndi uku, suthyoka mwakachetechete. Wofuna kulowa ayenera kuchita phokoso, ndipo phokoso ndilo mbava imadana nalo kuposa china chilichonse. Musaiwalenso chitseko cha kuseri. Ambiri timakongoletsa cha kumaso chimene alendo amaona, cha kuseri n'kumachimanga ndi waya kapena kachingwe ka mlaza.

Za mazenera ndinena mwachidule: zitsulo zake zilowe m'khoma ndi simenti pomanga, osati zongokhomera pa thabwa. Koma apa ndiime kaye, chifukwa pali ngozi imene sitiiganizira. Nyumba imene mbava singalowe, mwini wakenso angalephere kutulukamo moto ukabuka. Ambiri a ife njinga yamoto timagona nayo m'nyumba, petulo ali m'thanki, ena ali m'chigubu pakona, denga n'laudzu, kandulo ali pa tebulo. Muzidziwa potulukira pachiwiri, ndipo kiyi azikhala pamalo amodzi pamene aliyense wa m'nyumbamo angamupeze mumdima. Ndipo chonde, amayi ndi abambo, musatsekere ana m'nyumba ndi loko wa kunja inu n'kupita kudimba kapena kumowa. Katundu amagulidwanso, mwana ayi.

Khoma la zidina likanyowa limafewa, ndipo munthu angalibowole kuseri inu muli mtulo. Ngati thumba la simenti mungalikwanitse, pakani kunsi kwa khoma la kuseri. Ngati simungathe, katundu wa mtengo wapatali musamutsamiritse ku khoma limenelo. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga utsekeni ndi njerwa, chifukwa mbava zina zimatuma kamwana kopyapyala kuti kalowe n'kukatsegula mkati.

Titulukeko panja. Mpanda ndi wabwino, koma ine mpanda wautali wa udzu, wotseka ponseponse, sindiukhulupirira kwambiri. Umabisa inu posamba, inde, komanso umabisa wakuba akamakanula chitseko masanasana, mnansi wanu ali potero osaona kanthu. Kuseri ikani wolimba, wa minga, wa khonje kapena nkhadze, kusamala ana ndi utomoni wa nkhadze umene umawononga maso. Kumaso siyani poti anzanu aziona khomo lanu. Khasu, nkhwangwa, chikwanje ndi makwerero zisagone panja, kuopa kuti mungamubwereke nokha zida munthu wodzakuthyolerani. Sola ya padenga imangeni ndi mabawuti, ikakhala yaing'ono muziilowetsa dzuwa likalowa. Babu limodzi lowala pakhomo usiku limathandiza, pakuti wobwera ndi zoipa safuna kuoneka nkhope.

Nanga galu? Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo akauwa usiku muzidzuka n'kumvetsera, osangomukalipira kuti "choka!" muli m'bulangete. Koma galu wanjala si mlonda. Amene amagona ndi mimba yopanda kanthu amagulidwa ndi fupa limodzi. Mudyetseni, ndipo a zaziweto akabwera ndi katemera wa chiwewe mupite naye. Amene mumaweta nkhanga mukudziwanso phokoso limene zimachita zikaona chachilendo.

Kiyi pansi pa mwala wa pakhonde, kiyi pamwamba pa felemu, kiyi m'nsapato yakutha. Mukuseka kumeneko, ndikudziwa, chifukwa ndatchula pamene pali wanu. Ngati ine ndadziwa ndili muno m'nyumba ya mawu, ndiye kuli bwanji munthu amene wakhala akukuonani mukuwerama pamwala womwewo m'mawa uliwonse?

Wina anena kuti, "Ife nyumba yathu ndi yotsirika, wakuba akalowa adzangozungulira mpaka kucha." Sindikangana nanu pa wailesi, zimenezo ndi za mumtima mwanu. Ndingopempha kuti mutsirike ndithu, koma mpiringidzo muikenso. Enanso amati mbava zili ndi mankhwala ogonetsa anthu, n'chifukwa chake sitimva kanthu. Ine ndimaona kuti munthu amene walima tsiku lonse, kapena wadutsira pa kachasu, ndipo mvula ikuomba pa malata, safunika mankhwala kuti agone ngati chipika. Mbava zimaudziwa usiku woterowo, ndipo zimaudikira.

[Kanyimbo kakafupi]

Mwabwera kumene? Khalani pansi, malo alipo. Tikukamba za kuteteza makomo athu ku mbava, ndipo tanena kuti wakuba amayamba ndi maso ndi makutu, manja amabwera pambuyo. Tazungulira nyumba, taona chitseko, mazenera ndi mpanda. Tsopano tilowe pa nkhani ya ndalama ndi pakamwa.

Kuno kwathu ndalama sibwera mobisika. Mlimi wa fodya akamanga mabelo mudzi wonse umaona, tsiku la msika aliyense amalidziwa, ndipo akamabwerera ndi njinga yatsopano ana amamuthamangira. Wogulitsa mbuzi, wogulitsa ng'ombe, msodzi wa kapenta amene wapha bwino mwezi wa mdima, onsewa sangabise kuti m'thumba mwalowa kanthu. Chimene mungabise ndi kuchuluka kwake ndi kumene yagona. Apa m'pamene ambiri timagwera. Pa baraka, botolo lachitatu likatsika, bambo amayamba kuwerengera anzake kuti mabelo anali angati, alandira mametikali angati, ndipo mawa akukagula malata. Amene akumvetsera si anzake okha. Pali mnyamata wakhala pakona, sakumwa, sakulankhula, akungosewera ndi foni. Mwina alibe mlandu uliwonse. Mwinanso ndiye makutu a anzake amene adzabwere Lachinayi usiku. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Ana nawonso aphunzitseni. Mlendo akafunsa kuti, "Kodi atate ako apita kuti, abwera liti, njinga amaiika chipinda chiti?", mwana ayankhe kuti, "Dikirani ndikaitane akuluakulu." Si mwano umenewo. Ndipo ife makolo tileke kutuma ana ku chitini pamaso pa anthu, monga anachitira mnzanu amene akulankhulayu.

Banki kwa ambiri a ife ili kutali, zimenezo n'zoona. Koma masiku ano ndalama ingathe kugona m'foni. Pali M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel, ndi mKesh ya Tmcel. Ubwino wake ndi wakuti foni ikabedwa ndalama sipita nayo, malinga ngati nambala yachinsinsi ili m'mutu mwanu mokha. Musailembe kuseri kwa foni, musaitchule mokweza kwa wothandiza pa kauntala kuti akudinireni, ndipo isakhale chaka chimene munabadwa. Potapa, tapani yokwanira zimene mukufuna tsikulo, muiwerenge mutatembenukira ku khoma. Palinso mbava zosathyola chitseko, zija zimatumiza uthenga wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kapena kuimba kuti mwapambana mphoto. Ndalama iti? Mphoto ya mpikisano uti umene munalowa? Dulani foni.

Amayi a m'magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, bokosi lanu lija la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndi nzeru yabwino kwambiri. Koma bokosi lili ndi miyendo, limanyamulika lonse. Nthawi yoopsa ndi masabata omaliza, ngongole zonse zitabwezedwa, tsiku logawana litayandikira. Pamenepo musalengeze kumene bokosi likugona, ndipo musachedwetse kugawana popanda chifukwa.

Agogo athu amene anaona nkhondo, aja ena anathawira ku Zambia, ku Ukwimi, n'kudzabwerera mtendere utasainidwa mu 1992, amadziwa kusunga chinsinsi cha katundu kuposa ife. Afunseni mmene ankabisira mbewu ndi ziwiya, ndi kuti ankauza anthu angati. Mudzamva kuti ankauza mmodzi, mwina awiri.

Tsopano za maulendo. Nyumba yopanda anthu imadzinena yokha. Bwalo losasesa, masamba ali mbwee pakhonde, kukhitchini kosafuka utsi, nkhuku zogona mumtengo chifukwa palibe wozitsekera. Ndipo nthawi zimene timachoka tonse n'zodziwika: maliro, ukwati, tsiku la msika, Lamlungu m'mawa, usiku umene gule watuluka kubwalo, miyezi imene timagona ku chilindo kupirikitsa anyani ndi nguluwe. Kumapeto kwa Ogasiti ambiri timawoloka malire kupita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi Achewa anzathu a ku Zambia ndi ku Malawi. Ndi ulendo wabwino, pitani. Koma kumbukirani kuti ndi nyengo yomweyo imene nkhokwe zili zodzaza ndipo ndalama ya fodya ili m'nyumba. Siyani munthu wamkulu wogona pakhomo. Zikakanika, pemphani mnansi azisesa bwalo, azikoleza moto, azitsekera nkhuku. Inu achinyamata, zithunzi za paulendo muziike pa Facebook ndi pa WhatsApp mutabwerako. Kulemba kuti "tanyamuka banja lonse, tionana sabata ya mawa" n'chimodzimodzi kupachika chikwangwani pa chitseko.

Mwamva kuti ndatchula mnansi kangapo. Ndi dala. Pa zonse zimene ndanena madzulo ano, chotchipa kwambiri ndiponso champhamvu kwambiri ndi munthu wa nyumba yoyandikana nanu. Loko sakuwa. Mnansi amakuwa. Ngati munayambana chifukwa cha mbuzi imene inadya chimanga chaka chatha, ganizirani bwino ngati mkanganowo ukuposa tulo tanu. Khalani pansi nyumba zoyandikana, pamodzi ndi mkulu wa nyumba khumi, mlembi wa bairro kapena anyakwawa, mugwirizane chizindikiro. Kaya ndi wezulo, kaya ndi kumenya chitsulo, aliyense adziwe kuti chikamveka usiku, amuna onse atuluke ndi matochi. Mupatsane manambala a foni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndiye mukamva kukuwa kwa mnzanu musakoke bulangete n'kumati si kwathu.

Koma tulukani pagulu, osati nokhanokha. Ndipo mbava zikakulowerani zili ndi zikwanje kapena mfuti, musalimbane nazo chifukwa cha wailesi. Yang'anitsitsani msinkhu, mawu, zovala ndi kumene zalowera. Kumene kuli magulu a chitetezo cha m'mudzi ogwira ntchito ndi apolisi a PRM, athandizeni, ndipo ngati mukufuna kuyambitsa ulonda wa usiku, yambani mwadziwitsa amfumu ndi apolisi, kuti ulondawo usasanduke gulu lovutitsa anthu oyenda ndi zawo.

Pali nkhani ina imene sitikonda kuikamba. Batire langa lija silinapite kumwamba. Wina analigula, mwina m'mudzi momwemo, pa mtengo woti iye mwini anadziwa kuti apa pali kanthu. Foni ya mtengo wa mbuzi akukugulitsani pa mtengo wa nkhuku, yopanda bokosi, yopanda chaja, wogulitsayo akuyang'ana uku ndi uku, ndipo inu mukuti mwatola mwayi? Nyama yobwera nayo pakhomo mbandakucha, yopanda chikopa, yopanda mutu, mukuti yachokera kuti? Wogula zakuba ndiye amalemba ntchito wakuba, ndipo lamulo limamuwerengera mlandu nayenso. Chovuta china n'chakuti kawirikawiri wakubayo ndi mwana wathu yemwe, mphwathu, mlamu wathu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mayi amaona mwana wabwera ndi sola usiku, osagwira ntchito kulikonse, n'kungoti laponda lamphawi. Taganizani, amayi: mukamubisa lero, amene adzamugwire mawa adzamuchitira chifundo chimene inu mukumuchitira?

Katundu wanu muikeni chizindikiro. Njinga yakapalasa ili ndi nambala pa felemu, njinga yamoto ili ndi ya pa felemu ndi ya pa injini, foni ili ndi nambala yaitali yotchedwa IMEI imene imalembedwa pa bokosi lake. Lembani zonsezi m'kabuku, musunge pamodzi ndi malisiti, kapena kwa mbale wanu. Pa batire ndi pa sola lembani dzina ndi penti kapena kandani ndi msomali pamalo obisika. Ng'ombe ndi mbuzi zikhale ndi chizindikiro cha khola lanu, ndipo pogula chiweto chochokera kutali funsani chikalata chololeza kuyenda nacho. Pakuti pa polisi mawu akuti "ndi yanga, ndikuidziwa" sakwanira. Adzakufunsani kuti mukuidziwira chiyani.

Kumbukiraninso kuti boma lathu lino lili m'malire. Njinga yamoto kapena ng'ombe yobedwa usiku ingathe kukacha ili dziko lina, kudzera njira za m'tchire, ndipo za kutsidya nazonso zimalowa kuno chimodzimodzi. Choncho musataye tsiku mukulira kapena mukufunafuna woombeza. Mukapeza kuti mwathyoleredwa, musagwiregwire zinthu, musalole khamu lipondeponde mapazi a pabwalo. Itanani mnansi ndi anyakwawa aone, ndipo uthenga ufike kwa apolisi m'mawa womwewo.

[Kanyimbo kakafupi]

Tafika pa funso lija ndinalonjeza. Wezulo walira, anthu atuluka, munthu wagwidwa kuseri kwa nkhokwe. Titani naye?

Mkwiyo wake ndikuudziwa, ndinaumva m'chifuwa mwanga tsiku lija ndinagwira chitini chopanda kanthu. Chaka chonse cha thukuta, wina n'kudzachinyamula usiku umodzi. Koma tamverani. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique salola chilango cha imfa. Boma lenilenilo, ndi makhoti ake onse, silipha munthu ngakhale atapalamula chotani. Ndiye ife ndife yani kuti tiphe munthu chifukwa cha thumba la chimanga? Amene amenya wakuba mpaka kufa, kapena kumuotcha, amasanduka wopha munthu, ndipo mlandu wake umaposa wa wakubayo kutalitali. Mawa apolisi akabwera khamu lija limabalalika, otsala ndi awiri atatu amene nkhope zawo zinaoneka, mwina mmodzi ndi mwana wanu.

Ndiponso usiku umanama. Amene mwamugwira kuseri kwa nyumba angakhale woledzera amene wasokera njira, wodwala misala, mlendo wofuna pogona, kapena, tinene zoona, mnyamata amene wabwera kudzagogoda pa zenera la chibwenzi chake. Wina akangokuwa kuti "wakuba!", palibe amafunsanso. Ndipo pali anthu amene amakuwa dala pofuna kubwezera mnzawo amene anakangana naye za munda.

Mugwireni, mumumange manja ngati akulimbana, akulu a mudzi amuteteze ku khamu, ndipo mumupereke kwa apolisi pamodzi ndi katundu amene mwamupeza naye. Timilandu ting'onoting'ono ta pakati pa anansi tili ndi malo ake ku makhoti a m'midzi, aja lamulo linakhazikitsa mu 1992, kumene munthu angalamulidwe kubweza kapena kulipa. Ndikudziwa dandaulo lanu, ndimalimva kulikonse: "Timawapereka, mawa tiwaona akuyenda pamsika." Zimapweteka, ndipo muli ndi ufulu wopita kukafunsa kuti mlandu uli pati. Koma nanunso dzifunseni kuti tsiku la mlandu mboni zinapita zingati. Nthawi zambiri ogwira wakuba amakhala makumi awiri, okachitira umboni palibe ndi mmodzi yemwe, aliyense akuti ndili ndi kumunda, kapena akuopa maso a abale ake a wogwidwayo. Woweruza sangamange munthu ndi mphekesera.

Nthawi yatithera, abale anga. Musanagone usiku uno, tengani tochi, mutuluke panja, muyang'ane nyumba yanu ndi maso a munthu wofuna kulowamo. Mukanakhala inu, mukanayambira pati? Kankhani chitseko ndi phewa, mumve ngati chikugwedera. Bayani felemu ndi msomali uja. Kenaka pa mphasa, mukamadya, mufunsane kuti kunja kwa banja lino, ndani akudziwa pamene timasunga ndalama, ndipo anadziwa bwanji? Paja tati wakuba amayamba ndi maso ndi makutu, manja amabwera pambuyo. Zimene mupeze mutiuze, tidzaziwerenga pano. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzalowa m'khola, tidzakambe za kuba ng'ombe ndi mbuzi.

Wina wandifunsa muno kuti loko wanga uja anathera kuti. Ndikadali naye. Masiku ano amatseka khola la nkhuku, pa mtengo wa tsanya, ndi mabawuti anayi opyoza. Gonani bwino nonse, ndipo amene muli kufupi ndi chitseko, ikani mpiringidzo.

[Kanyimbo kotsekera]